Kadontho kofiira pa kompyuta ya malume

Kompyuta yoyamba kuigwira ine sinali yanga. Inali ya malume, ndipo ndiyo inkatidyetsa pakhomopo. Masana ankataipira anthu makalata ofunsira ntchito pa WordPerfect n'kumalandira kangachepe. Inali nkhalamba ya MS-DOS, pomwe ena anali atazolowera kale Windows. Lamulo linali limodzi: akaivundikira nsalu madzulo, wina asaikhudze.

Ine ndinkaikhudza, iwo akagona.

Mnzanga wina anandibwereka madisiki a Turbo C ndi timapepala ta fotokope tofotokoza chinthu chotchedwa Mode 13h. Umaika nambala 13h mu AX, n'kuitana int 10h, basi zilembo zonse zimazimiririka. Sikirini imasanduka munda wa mizere 200, mzere uliwonse mapando 320. Onse pamodzi 64,000, ndipo phando lililonse ndi byte imodzi mu memory, kuyambira pa adiresi ya A000. Ukalemba nambala m'phandomo, kadontho kamayaka ndi umodzi mwa mitundu 256. Pofuna phando umachulukitsa nambala ya mzere ndi 320, n'kuphatikizapo masitepe ochokera kumanzere. Masamu a ku pulaimale enieni.

Ndinasankha pakati penipeni, mzere 100, sitepe 160, ndiye kuti 32,160. Ndinalembamo 4. Mu mdima monsemo munatulukira kadontho kofiira, kochepa ngati nthata. Ndinakayang'ana mpaka maso kulengeza misozi. Kufikira tsiku limenelo ndinkayesa kuti zithunzi za pa kompyuta zimachokera kwina kumene ife sitingafikeko. Koma apa, chala changa chomwechi chinali chitafikako.

Dyera linabwera pa usiku wachitatu. Ndinafuna kupaka sikirini yonse buluu. Adiresi ya pa DOS imakhala ndi zigawo ziwiri, ndipo ine pokopera ndi tulo m'maso ndinazitembenuza: m'malo mwa A000:0000 ndinaloza pa 0000:A000. Kumeneko si kumunda kwa zithunzi ayi, ndi kuchipinda kumene DOS yeniyeniyo imagona. Windows kapena Linux ya masiku ano ikanangotseka pulogalamu yangayo n'kundikalipira. DOS ilibe mlonda pachipata. Inandilola kuthira manambala 64,000 pamutu pake.

Zonse zinangoti zii. Ctrl, Alt ndi Del, osayankha. M'mutu mwanga munalibenso za mapulogalamu, munali thumba la ufa, lendi, ndi mayi wina amene ankabwera m'mawa kudzatenga kalata yake. Ndinazimitsa pa batani, n'kuwerenga mpaka makumi awiri manja akunjenjemera. Nditayatsa, inawerenga memory yake, n'kulira kamodzi kuti pii, C:\> uja n'kubwerera ngati palibe chachitika. Zolembedwa mu memory zimafufutika magetsi akazima. Izi ndinali nditawerengapo, koma usiku umenewo ndi pamene ndinazikhulupirira.

Anandigwira patapita masiku awiri, atalemba dir n'kupeza foda ya TC.

"Iwe mphwanga, ichi n'chiyani m'makina mwanga?"

"Pepani malume, ndimaphunzira kujambula."

"Tandionetsa."

Ndinawaonetsa kadontho kaja. Anavala magalasi, n'kusendera pafupi.

"Ndiye ukusowa tulo chifukwa cha nsabwe imeneyi?"

Kenaka anafunsa ngati ingayende. Ndinati ingayende, mukaifufuta apa n'kuilemba pa phando lotsatira. Anakhala chete nthawi ndithu. Pomaliza anandipatsa Lamulungu masana, bola makalata a anthu ndiyambe ndawakopera pa disiki. Za usiku wa buluu uja sindinawauze.

M'Malamulungu amenewo ndi momwe ndinaphunzira kusakaniza mitundu yanga pa 3C8h ndi 3C9h, kufiira, kubiriwira ndi buluu, uliwonse kuyambira 0 mpaka 63. Sabata yatha ndinatsegula DOSBox pa laputopu, n'kulembanso 4 pa 32,160. Ndisanadine Enter, adiresi ndinaiwerenga kawiri.