Land Rover ya malemu bambo: yankho langa kwa abale a m'tauni

Lero ndilemba zotalikirapo, ndiye amene bandulo yanu yatsala pang'ono kutha, sungani mudzawerenge usiku.

Nkhani imene yakula pa gulu lathu la banja la pa WhatsApp ndi ya Land Rover imene anatisiyira malemu bambo. Achimwene a ku Area 25 akuti tiigulitse, tisonkhe kangachepe kowonjezera, tiitanitse kagalimoto ka ku Japan kodzera pa Dar es Salaam ndi pa Songwe. Achemwali a ku Ndirande avomereza. Mawu amene onse akubwereza ndi amodzi, akuti tikufuna galimoto yodalirika. Inenso ndikufuna yodalirika. Koma timvane kaye tanthauzo la mawuwo, chifukwa ku Lilongwe amatanthauza china, kuno kumapiri a Ntchisi amatanthauzanso china. Ndalemba poyera pano poti galimotoyi mapepala ake ndi a banja lathu, koma ntchito imagwirira mudzi wonse.

Ndiyambe ndi kumene inachokera, chifukwa mbiri yake ikufotokoza khalidwe lake. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, kampani ya Rover ku Mangalande inali pamavuto. Zitsulo zinali zoperewera, ndipo boma limagawa chitsulo kwa makampani potengera katundu amene akugulitsa kunja kwa dziko. Injiniya wamkulu wa kampaniyo, Maurice Wilks, anali ndi famu pa chilumba cha Anglesey ku Wales, ndipo pa famupo amayendera Jeep ya asilikali a ku America yotsala ku nkhondo. Iye ndi mkulu wake Spencer Wilks, amene amayendetsa kampaniyo, anaganiza zopanga galimoto ya mlimi: yoyenda m'munda ngati thirakitala, yoyendanso pamsewu kupita kumsika. Yoyeserera yoyamba chiwongolero chake chinali pakati penipeni, ngati thirakitala ndithu.

Anaionetsa koyamba ku Amsterdam pa 30 April 1948, mtengo wake mapaundi 450. Bodi yake anaipanga ndi aluminiyamu, poti ndiye amapezeka, ndipo chitsulo anachisungira chasisi, mafupa a pansi amene amanyamula zonse. Zoyambazo zinali zobiriwira chifukwa penti amene analipo anali wotsala ku ndege za nkhondo. Kumbuyo amatha kulumikizako shafiti yozunguzira makina a pa famu, monga pampu kapena macheka. Mukuona, abale, galimotoyi inabadwira m'nthawi ya kusowa. Anaipanga ndi mabauti ndi mapanelo owongoka kuti munthu wa sipanala athe kuimasula ndi kuimanganso.

Popeza chitsulo chimatsatira malonda a kunja, kampaniyo inalimbikira kugulitsa kumaiko akutali, makamaka amene amalamulidwa ndi Angerezi. Umu ndi mmene inafikira kuno ku Nyasaland. Agogo athu galimoto imene amaiona ikufika pamudzi inali yomweyi: ya a DC, ya apolisi, ya abambo a ku mishoni, ya alangizi. Ya injini ya dizilo inayamba mu 1957. Series II inabwera mu 1958, Series III mu 1971 mpaka 1985. Mu 1983 anatulutsa 110 ya masipuling'i opiringiza, imene mu 1990 anaipatsa dzina loti Defender.

Ndinene chilungamo kuti mu Africa mpando anaulanda a Toyota. Land Cruiser inayamba mu 1951, dzinalo inalandira mu 1954, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pamene makampani a galimoto ku Mangalande amavutika pansi pa British Leyland, a ku Japan amabweretsa galimoto zamphamvu pamodzi ndi masipeyala ake. Mtundu wa Land Cruiser umene munazolowera kuuona ngati ambulansi, 70 Series, unayamba mu 1984 ndipo akuupangabe. Land Rover yokha inasintha eni kangapo: BMW mu 1994, Ford mu 2000, Tata ya ku India mu 2008. Defender yomaliza ya kapangidwe kakale inatuluka m'fakitale ya ku Solihull pa 29 January 2016, atapanga zoposa 2 miliyoni kuwerengera kuyambira 1948. Defender ya masiku ano amaipangira ku Slovakia, ndipo ndi ya makompyuta, ya mabwana. Imeneyo ndi nkhani ina, si ya ife.

Yathuyi ndi Series III ya 1978, yaitali ija ya mainchi 109 kuchokera pa tayala lakutsogolo kufika lakumbuyo, injini ya dizilo ya malita 2.25. Bambo anaigula mu 1996 kwa esiteti ina ya fodya ku Kasungu, ili kale nkhalamba. Achimwene, inu munaphunzirira kuyendetsa pa yomweyi, ndiye mukukumbukira ndodo zija za pansi. Ya mutu wachikasu ukaidina, matayala onse anayi amakoka. Ya mutu wofiira ukaikokera kumbuyo, galimoto imayenda ngati kamba koma imakwera paliponse. Mulibe kompyuta. Batire likafooka, anyamata anayi ndi kamtsetse basi, yalira.

Tsono tiyeni ku mawu aja. Munthu wa m'tauni akati yodalirika, amatanthauza galimoto yoti m'mawa uliwonse ukapotokola kiyi ilire, isakuchititse manyazi pa mzere wa magalimoto, isamwe mafuta ambiri. Pamenepo kagalimoto ka ku Japan kapambana, sinditsutsa ayi. Koma kuchokera pakhomo pathu kukafika pa tala pali makilomita 26, madambo atatu ndi timilatho tiwiri ta mitengo. Pamsewu wotere palibe galimoto yosawonongeka. Funso la kuno ndi lakuti, ikaima pakati pa dambo usiku mu February, ndani angaidzutse, ndi zida zanji, ndipo zitenga nthawi yaitali bwanji.

Ndipereke zitsanzo ziwiri zimene anthu a kuno angachitire umboni m'makomenti.

Nthawi ija mafuta anasowa m'mafilingi siteshoni, mwana wa aneba anayamba kukomoka ndi malungo usiku. Bambo ake anathamanga kukagula dizilo wa m'chigubu kwa mavenda. Sitinapite patali, injini inayamba kutsokomola, kenako zii. Mu dizilomo munali madzi. Tinawunikira ndi tochi ya foni, tinamasula fyuluta, tinataya madziwo, tinapopa ndi dzanja pa kampampu ka pambali pa injini mpaka mpweya unatuluka, tinamanganso. Ola silinakwane, tinali paulendo. Mwanayo pano ali sitandade 4. Injini za dizilo za makono zimapopa mafuta mwamphamvu kwambiri kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo madzi akalowamo nkhani yake imakathera ku galaja ya m'tauni, ndalama zake zogulira ng'ombe.

China ndi cha chaka chatha, titanyamula soya wa kalabu kupita ku Mponela. Tinagwera m'dzenje limene madzi anakumba, tsamba lalikulu la sipuling'i ya kumbuyo linathyoka. Tinakweza pa jeke, tinalowetsa chipika cha mtengo, tinamanga ndi malegeni, tinatsitsa matumba asanu n'kuwasiya kwa amfumu a pamenepo. Tinayenda pang'onopang'ono mpaka tinafika, soya tinagulitsa tsiku lomwelo mtengo usanatsike, ndipo tsamba lina tinalipeza kwa wogulitsa zitsulo zakale. Kagalimoto kamene mimba yake imakhudza udzu, dzenje limenelo likanaboola pansi pa injini oyilo yense n'kutayika. Nanga matumba 15 a soya mukanawaika pati?

Musamve ngati ndikuti ndi mngelo. Galimoto ya zaka zoposa 45 ili ngati nkhalamba ya pakhomo, imafuna kuiyang'anira tsiku ndi tsiku. Oyilo ndimayang'ana m'mawa uliwonse, mu injini, mu giyabokosi, m'madifu. Pamene yagona pamakhala timadontho. Kufika 80 pa ola ndi nkhondo, ndipo mkatimo simungacheze chifukwa cha phokoso. Chiwongolero n'cholimba, mabuleki amafuna mwendo wa mlimi. Mvula ikagwa, wokhala kukhomo amanyowa bondo. Walira mvula walira matope, ife tinavomera zimenezo. Ndipo chimene eni ake a galimoto zimenezi kulikonse amachiopa kwambiri ndi chimodzi: bodi ya aluminiyamu sichita dzimbiri, ndiye imanamiza maso, pomwe chasisi cha chitsulo pansipo chikudyeka ndi matope onyowa. N'chifukwa chake mukandiona ndagona pansi pake ndi ndowa ya madzi ndi kanyundo mvula ikatha, musamati ndasowa chochita.

Mukandifunsa kuti bwanji osagula Land Cruiser kapena Hilux, ndiyankha kuti bweretsani, ndivina. Koma mitengo yake mukuidziwa kuposa ine. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo ngakhale yakale yotopa ndi maulendo a mabungwe, ndalama yake sitingaikwanitse titagulitsa Land Rover, ngolo ndi ng'ombe zomwe. Zimene zikukambidwa pa gulu paja ndi kusinthanitsa galimoto yofika pakhomo chaka chonse ndi galimoto yofika pakhomo kuyambira May mpaka November. Odwala ambiri kuno amadwala miyezi inayo, ya udzudzu ndi njala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Komabe achimwene ali ndi mfundo imene sanaitchule bwino, ndiye ndiwathandize. Chofooka chenicheni cha galimotoyi chili pa anthu ndi pa masipeyala. Amakaniko athu a pa tiredingi senta, amene akhala akuisamala kuyambira nthawi ya bambo, akula. Amamva vuto la injini ndi khutu galimoto isanaime n'komwe, koma maso ayamba kuchita mdima ndipo manja akunjenjemera. Anyamata a masiku ano onse akuthamangira kukonza njinga zamoto za kabaza, poti ndiko kuli ndalama ya tsiku ndi tsiku. Tsiku limene akuluwa adzasiye sipanala, galimoto yathu idzasanduka khola la nkhuku ngakhale injini ili bwinobwino. Masipeyala nawo alipo abodza. Pampu ya madzi imene tinagula pa shopu ina m'tauni, ili m'katoni kokongola, inatha miyezi iwiri yokha, pomwe imene inachotsedwapo inagwira ntchito zaka zoposa khumi.

Ndiye pempho langa lili patatu, ndipo ndalama yake ndi yochepa kuyerekeza ndi yoitanitsa galimoto ku Japan, kulipira msonkho ndi kuiyendetsa kuchokera ku doko.

Choyamba, mwana wa achemwali athu aang'ono, amene analemba Fomu 4 ndipo akungokhala, ali ndi dzanja la zitsulo. Ndalankhula kale ndi amakaniko, avomera kumutenga chaka chimodzi. Akatero timutumize ku Lilongwe Technical College akatenge pepala. Inu a m'tauni mugawane fizi ndi malo ogona, ine ndipereka chimanga ndi nyemba. Akadzabwerako adzakonza yathuyi, zigayo za dizilo ndi mathirakitala omwe, ndipo adzadya za manja ake.

Chachiwiri, tikhale ndi thumba la galimoto. Apa ndikulankhula ndi inu aneba. Ulendo wa odwala ndi wa maliro sitinauikirepo mtengo, munthu amangothira mafuta, ndipo zikhala choncho. Koma wa soya, mtedza, feteleza ndi njerwa, pa thumba lililonse kapena ulendo uliwonse pazikhala kangachepe kopita m'buku, kosunga msungichuma wa kalabu, osati ine. Tayala likaphulika tisamayambe kuimba mafoni ku Lilongwe.

Chachitatu, mphwanga wa ku Joni, kumeneko ogulitsa masipeyala a Land Rover zakale alipo ambiri. M'malo mwa mabulangete amene umatitumizira chaka chilichonse, pa basi ya December uikemo masilo, mafyuluta, mabelingi ndi nsapato za mabuleki. Mndandanda ndikutumizira kumbali. Ubwino wake zida zambiri za Series II ndi Series III zimalowana, ndiye sudzasochera kwambiri.

Ndiikenso malire kuti musamati ndakakamira chifukwa cha chikumbutso cha bambo. Mvula ya chaka chino ikatha, tidzaikweza pa dzenje la ku galaja, amakaniko adzagogoda chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, inu mukuonerera. Nyundo ikadzalowa pamalo ogwira masipuling'i, poti kuwotcherera sikungathandize, ine ndidzakhala woyamba kufuna wogula. Kunyamula anthu pa mafupa owola sindingalole. Koma ngati chitsulo chidzalira bwino, nkhani yogulitsa tidzaiike pansi zaka zisanu.

Achimwene, achemwali, pa Khirisimasi bwerani ndi galimoto zanu. Mukafika pamene tala wathera, ngati kwagwa mvula, muimbe foni, tidzabwera kudzakutengani monga mwa masiku onse, ndipo nkhaniyi tidzaimalizira pakhonde pamaso pa amalume.

A kuno kumudzi, Lachinayi tikupita ku boma kukatenga feteleza. Malo alipo a matumba 12 okha, anayi atengedwa kale. Amene mukufuna, mundipeze kudimba mawa dzuwa lisanakwere. Tinyamuka 5 koloko m'mawa, wochedwa adzabwera pa kabaza.