Cifuwa cimene sicimva mankhwala a TB

Ise a pa wailesi tili ndi uthenga umene timabwereza nthawi zonse: ukatsokomola kupitirira milungu iwiri, pita ku kiliniki ukapimitse TB. Uthengawu wapulumutsa ambiri. Koma m'makomboni mwathu muli anthu amene amamwa mankhwala a TB miyezi 6 yonse, cifuwa cili pomwepo, thupi likungotha. Kwa ena mwa iwo, vuto ndi khansa ya m'mapapo.

Ambiri tinamvapo za makina a GeneXpert, amene amafufuza DNA ya kacilombo ka TB m'makhololo. Khansa nayo ili ndi zizindikiro zobisika m'maselo ake, zimene madokotala amati ma biomarker. Kuti azione, amacotsa kanyama kocepa pa cotupa n'kukapima ku labu.

Coyamba amafuna kudziwa mtundu wake. Pa odwala 100, pafupifupi 15 amakhala ndi khansa yochedwa small cell, imene imafalikira msanga, ndipo enawo ndi non-small cell. M'gulu lalikululi, puloteni ya TTF-1 ikaoneka kawirikawiri imaloza ku adenocarcinoma, pamene p40 imaloza ku squamous cell.

Kenako amapima majini. Mu 2004, ofufuza ku Boston anapeza kuti odwala amene jini yawo ya EGFR inasintha m'cotupa ndiwo amathandizidwa kwambiri ndi mapilitsi a gefitinib. Mu 2007, ku Japan anapezanso kusintha kwa jini ya ALK, ndipo pambuyo pake panabwera mankhwala ake monga crizotinib. N'cifukwa cake anthu awiri odwala khansa ya m'mapapo angapatsidwe mankhwala osiyana kotheratu.

Cimene cimatikhudza kwambiri n'cakuti kusintha kwa EGFR ndi ALK kumapezeka kawirikawiri mwa anthu amene sanakokepo fodya, ndipo ALK imagwira ngakhale acinyamata. Conco mawu akuti "amayi sakoka fodya, siingakhale khansa" angatitayitse miyezi.

Kupima kotere n'kodula, mapilitsinso n'cimodzimodzi, sitikubisa. Koma kufunsa kulibe mtengo. Ndife acinyamata amene timaperekeza makolo ku cipatala ndi kuwerenga mapepala awo. Ngati TB sinapezeke, kapena mankhwala atha koma cifuwa cikalipo, tibwerere tikafunse za X-ray ndi kalata yopita ku cipatala cacikulu monga Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Akapeza cotupa, tifunsenso mwaulemu: "Adokotala, ndi khansa ya mtundu wanji, ndipo EGFR ndi ALK zingapimidwe kuti?"