Ulendo wa Mabuku, Kuchokera ku Chitedze Kufika ku Wimbe

Msewu wochokera ku Lilongwe kunka ku Kasungu ndi wa makilomita pafupifupi 130, ndipo munthu wofuna kudziwa m'mene nthaka yathu yatopera auyende m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Nyengo imeneyo minda yambiri imakhala pambalambanda. Mapesi anaunjikidwa kale ndi kutenthedwa, m'mizere mwatsala phulusa lokha, ndipo kamvulumvulu akadzuka amanyamula dothi la m'munda wa mwini n'kukalitaya kumene afuna. Ife tinayenda msewu umenewu pa nyengo yotere, titasenza makatoni a mabuku oti tikagawe kwaulere m'masukulu ndi m'magulu a alimi ndi a amayi. Mabuku onsewo nkhani yake inali imodzi: m'mene banja lingadzidyetsere pa malo amene lili nawo, osayang'ana kusitolo tsiku ndi tsiku.

Ambiri mwa mabukuwo anali ophunzitsa ulimi umene eni ake amautcha permaculture. Dzinali linachokera ku Australia, kumene anthu awiri, Bill Mollison ndi David Holmgren, anatulutsa buku lawo lotchedwa Permaculture One m'chaka cha 1978. Tanthauzo lake ndi ulimi wokhalitsa, ndipo mutu wake ndi wakuti chinthu chilichonse cha pakhomo chizithandiza chinzake. Madzi otsukira mbale apite ku nthochi, zitosi za nkhuku zipite ku ndiwo, masamba ogwa abwerere m'nthaka, ndipo nthakayo isagone yosafunda.

Tisanalowe msewu wa kumpoto tinayamba tapatukira kumadzulo, pa msewu wa ku Mchinji, kuti tikaone ndi maso zimene mabukuwo anena. Ku Chitedze, makilomita 16 kuchokera mumzinda, anthu ambiri amakudziwa chifukwa cha malo a boma ofufuzira za ulimi. Koma kufupi ndi malowo kuli munda wachionetsero wotchedwa Never Ending Food, umene anauyambitsa Stacia ndi Kristof Nordin, anthu amene anafika m'dziko muno kuchokera ku America m'chaka cha 1997. Munthu akachoka pa fumbi la msewu n'kulowa m'menemo amayamba wamva kuzizira kwa mthunzi. Mitengo ya zipatso yatalika pamwamba, pansi pake pali zitsamba, pansi pa zitsambazo payanga zoyanga, ndipo phazi limaponda masamba ofota m'malo mwa dothi louma. Wozolowera mizere yowongoka angaganize kuti mwini wake ndi waulesi. Ayambe wafunsa kuti ndi mwezi uti umene m'mundamo mumasowa chothyola.

Mayi Nordin ndiwo analemba buku lakuti Low Input Food and Nutrition Security, limene linatuluka mu 2005 ndi chithandizo cha bungwe la World Food Programme, ndipo linakonzedwanso mu 2016 ndi dzina lakuti Sustainable Nutrition Manual. Ubwino wa buku lotere ndi wakuti linamera m'dothi lathu. Limanena za magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene ana athu amaphunzira kusukulu, ndipo ntchito ya ku Chitedze yaonetsa kuti m'Malawi muno muli zakudya za mitundu pafupifupi 600. Tsono inu makolo, tawerengani zimene zinalowa m'mbale za ana anu mlungu wathawu, muone ngati zifika khumi. Njira imeneyi anailambula kale Jessie Williamson, amene buku lake la Useful Plants of Nyasaland linasindikizidwa ku Zomba mu 1955, n'kutulukanso mu 1975 ndi dzina lakuti Useful Plants of Malawi.

M'makatoni athu munalinso mabuku a mtundu wina, opatsidwa ndi anthu akufuna kwabwino a kunja kwa nyanja. Lotchuka mwa onse ndi la John Seymour wa ku Britain, The Complete Book of Self-Sufficiency, la mu 1976. Ndi buku lokongola zedi, la zithunzi zojambulidwa mwaluso, ndipo za kompositi, za njuchi ndi za akalulu zimene lili nazo mlimi wa ku Dowa angathe kuzigwiritsa ntchito mawa lomwe. Komatu linalembedwera dziko lozizira. Likati fesani mu Epulo, likunena za kwawo kumene mwezi umenewo chisanu chikutha. Kwathu kuno Epulo ndi mwezi woyang'ana zokolola. Buku lotere lisapite kwa mwana lokha, popanda wamkulu womuuza kuti tsamba ili ndi lathu, tsamba ilo ndi la eni ake.

Kuchoka ku Chitedze tinabwerera mumzinda, tinalunjika kumpoto, tinadutsa Lumbadzi, ndipo titapitirira Mponela tinasiya msewu wa phula kunka ku sukulu ina ya pulayimale. Bwalo lake linali losesedwa bwino kwambiri, monga mabwalo a sukulu zathu zonse. Ana amasesa m'mawa uliwonse, zinyalala amaotcha, ndipo aphunzitsi amakondwa ndi ukhondo. Koma tsache limatenga kadothi pang'ono tsiku lililonse, mvula imadzatsiriza, kotero kuti mizu ya mitengo ya pabwalopo inali pamtunda, ndipo maziko a chipinda chimodzi anali ataonekera kupitirira chikhato. Pamjigo panali chithaphwi cha madzi otayika, chodzala matope ndi mapazi a mbuzi, popanda ngakhale tsinde limodzi la nthochi loti limwe madziwo.

Aphunzitsi aakulu anatilandira ndi ulemu, natilowetsa mu ofesi, natsegula kabati kuti ationetse kumene mabuku athu adzakhale. M'kabatimo munali kale mabuku ena a mphatso, osatsegulidwa, ndipo a pansi chiswe chinali chitawalowa.

Tinafunsa kuti, "Kodi Aphunzitsi, ana sawerenga amenewa?"

Iwo anati, "Bambo, buku likasowa wofunsidwa ndine. Likang'ambika wofunsidwa ndine. Tsono ine nditani?"

Munthu ameneyu sitingamudzudzule, pakuti anali kusunga chuma cha eni ake m'njira imene anaphunzitsidwa. Chimene tinachita ndi kulemba kalata pamaso pa a komiti ya sukulu, yonena kuti mabuku awa aperekedwa kuti athe ndi manja, ndipo kuti buku lobwera ndi dothi la kudimba kapena ndi tsamba lopindika lisaimbidwire munthu mlandu. Kope lolembamo obwereka tinapempha kuti lizisungidwa ndi ana a Sitandade 7, aphunzitsi azingoyang'anira. Ndipo popeza masamu ndiwo amakopa aphunzitsi, tinatuluka nawo panja kukayeza denga. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imapereka lita imodzi ya madzi. Denga la malata la mamita 10 mbali zonse, pa chaka cha mvula ya mamilimita 800, limakhetsa malita 80,000, ndiko kuti ndowa 4,000 za malita 20. Madzi onsewo anali kugwera pabwalo louma n'kuthamangira kumsewu, akukumba ngalande. Aphunzitsi aja anabwereza samuyo pa kapepala kawiri konse, kenaka anaitana mnyamata kuti akatenge khasu, aone pamene pangadutse kamtsinje kopita ku mitengo.

Kumene tinakhalitsa ndi m'mudzi wina kupitirira Madisi, tisanawoloke Bua, kumene gulu la amayi linatidikira pansi pa mtengo wa msangu. Mtengo umenewu ndi wa khalidwe lachilendo. Mitengo inzake ikavula masamba m'chilimwe, iwo umavala; mvula ikagwa umayoyola masamba ake onse pansi, nusiya dzuwa lifike pa chimanga, ndipo masambawo amasanduka chakudya cha nthaka. Amayiwo sanafune buku kuti adziwe zimenezi, pakuti chimanga cha pansi pa msangu anachiona kuyambira ali ana.

Mtsikana wina wa ku sekondale anatenga buku limodzi nayamba kuwerenga mokweza mndandanda wa ndiwo: bonongwe, luni, chisoso, denje, limanda, kholowa, chigwada, khwanya. Agogo ake, amene sanapondepo m'kalasi, anayamba kuseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu.

Iwo anati, "Mwana wanga, kodi mpaka zilembedwe m'buku kuti chisoso ndi ndiwo? Nanga za mfutso alemba? Alemba kuti chikwatu amamanga ndi masamba a msuku?"

Anapitiriza kutchula zipatso za kutchire, nthudza, maye, matowo, ndi mwezi umene chilichonse chimapsa, ndipo mtsikanayo analemba zonsezo m'mphepete mwa tsamba. Apa ndipo tinaona ntchito ina ya mabuku awa. Nzeru zambiri zimene zili m'katimo zilipo kale m'mudzi, koma zinachita manyazi. Kwa zaka zambiri ana akhala akumva kuti ndiwo zomera zokha ndi za amphawi, kuti mlendo wolemekezeka amamuphikira kabichi wogula. Mwana wa sukulu akaona dzina la bonongwe litasindikizidwa, amayamba kuyang'ana agogo ake ndi diso lina.

Koma si zonse zinayenda mosalala, ndipo ndi bwino awerengi amve mbali imeneyinso. Mayi mmodzi, msungichuma wa gululo, anatiyankha mosabisa. Anati kufunditsa munda ndi mapesi n'kwabwino, koma tikangokolola ziweto zimamasulidwa, ndipo ng'ombe ndi mbuzi za anthu ena zimadya mapesiwo pamodzi ndi nandolo amene sanakhwime. Chotsala anyamata osaka mbewa amachiyatsa moto. Anafunsa kuti, "Nanga buku lanulo likunena chiyani za mbuzi za a malume anga?" Bukulo silinena kanthu. Imeneyi ndi nkhani ya pabwalo la a mfumu, ndipo tinagwirizana kuti buku limodzi likaperekedwe kwa a nyakwawa, pamodzi ndi mtsikana woti akawawerengere. Vuto lina ndi la chilankhulo. Timabuku tochepa ta m'Chichewa timene tinali nato tinatha tisanafike ku Kasungu, pamene a Chingerezi anatsala ambiri. Achinyamata amene mwaphunzira, ntchito yanu ndi imeneyo: kukhala pamphasa ndi makolo madzulo, kuwerenga chiganizo chimodzi, n'kuchinena m'chinenero chathu.

Kuchoka pamenepo tinawoloka Bua, tinafika pa boma la Kasungu, ndipo m'mawa mwake tinalowera kum'mawa, ku dera la Wimbe. Kumeneko ndi kwawo kwa William Kamkwamba, wobadwa mu 1987, amene anakulira m'mudzi wa Masitala. Njala ya mu 2001 ndi 2002 itavuta, makolo ake analephera kumulipirira sukulu ya sekondale, ndipo mnyamatayo anakhala pakhomo. Pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe panali kanyumba ka mabuku a mphatso, ndipo m'menemo anapeza buku la ku America lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Chingerezi chinali kumuvuta, chotero anatsata zithunzi. Ndi mitengo ya bulugamu, zitsulo za njinga ndi zotola kudzala, mu 2002 anaimika makina amene anayatsa getsi m'nyumba ya bambo ake. Nkhani yake inatuluka m'buku mu 2009, ndipo mu 2019 inapangidwa kanema. Chimene ambiri sachitchula ndi ichi: William pa nthawiyo sanali mwana wa sukulu iliyonse, koma wosunga mabuku anamulola kubwereka.

Katoni yotsiriza tinaisiya pa sukulu ina ya m'dera lomwelo, ndipo pa kalata ija tinaonjezerapo mzere wakuti anyamata ndi atsikana osiya sukulu, ngakhale makolo, ali ndi ufulu wobwereka monga ana olembedwa m'kaundula. Tili m'kati motsanzikana kunafika mtsikana wobereka mwana kumbuyo, amene anali atamva za mabuku kumjigo. Anasanthula katoni yonse mosafulumira, nasankha buku lokhala ndi zithunzi za makola a akalulu. Mnyamata wosunga kope anamufunsa tsiku lodzabweza, ndipo iye anati adzabweza khola likatha.