Tsiku pa mjigo wa ku Unit N

Tambala asanalire kachiwiri, zigubu zandanda kale pa mjigo wa ku Unit N, m'dera la Seke ku Chitungwiza. Eni ake ambiri akadali m'tulo. Chigubu ndicho chimasunga malo pamzere: china achimanga kansalu kofiira pachogwirira, china achilemba dzina ndi penti. Pofika 5 koloko amayi ayamba kutulukira, ana kumbuyo, mawilibala akulira, ndipo moni ukangotha funso ndi limodzi. Madzi a m'mipope abwera liti?

Aliyense ali ndi yankho lake. Uyu wamva kwa mlamu wake wa ku Zengeza kuti Lachinayi, uyo akuti wawerenga pa WhatsApp kuti mwezi uno tiiwale. Amene analembedwa ntchito yoyankha funsoli ali ku ofesi yofalitsa nkhani ya khonsolo, ndipo ine ndimawamvera chisoni. Chitungwiza, tauni ya anthu oposa 370,000 malinga ndi kalembera wa 2022, ilibe damu kapena malo akeake oyeretsera madzi. Imagula kwa mzinda wa Harare. Mu 2024 chilala chitaumitsa madamu a Seke ndi Harava, Harare inatseka malo oyeretsera madzi a Prince Edward, omwe Chitungwiza imadalira kwambiri. Ndiye mneneri wa khonsolo alonjeze bwanji tsiku, pamene mpope amatsegula ndi wina? Akatchula tsiku madzi osabwera, wabodza ndi iye. Akakhala chete, akuti ndi wamwano.

Dzuwa likamatuluka makombi adzadza, oitanira akukuwa, ndipo theka la Unit N lalunjika ku Harare kudzera mu Seke Road. Abwerako kutada. N'chifukwa chake msonkhano wokambirana bajeti ukaitanidwa pakati pa sabata, mipando imakhala ya agogo ndi ana oyamwa, kenaka mawa lake anthu n'kumati sanafunsidwe maganizo.

Cha m'ma 11 chikalata chafika, chithunzi cha pa foni chokhala ndi chizindikiro cha khonsolo pamwamba. Mitu inayi yaunjikana pa foni imodzi yosweka galasi, poti ena bando yatha, ena foni zinazima usiku magetsi atathima. Mtsikana wina akulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri, n'kuseka: deti lake ndi la chaka chatha. Wina wangochifukula n'kuchitumizanso, ndipo chazungulira kale magulu onse. Chikalata chenicheni chikadzatuluka chidzayenda pang'onopang'ono kuposa ichi.

Pamthunzi pakhala agogo ena aamuna, mmodzi mwa Amalawi amene anabwera kudzagwira ntchito m'dziko lino nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, n'kukhaliratu.

"Iwe, akuti chiyani pamenepo?"

"N'chakale, agogo. Musadandaule nacho."

"Chakale kapena chatsopano, undiuze m'chilankhulo choti ndimve."

Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo wailesi ya National FM imaulutsa mapulogalamu ena m'Chichewa. Koma zikalata za maofesi zimakonda kubwera m'Chingerezi, pamjigo amakambirana m'Chishona, ndipo agogowa amadalira mdzukulu, amene amamasulira zokhazo zimene iye waona kuti n'zofunika.

Masana nkhani yatembenukira ku mabilu. Mayi wina watulutsa lake m'chikwama, lopindidwa kanayi, akuligwedeza: tilipire chiyani, mpweya? Apa pali bala lakale. Mu 2013, chisankho chili pafupi, nduna ya maboma aang'ono Ignatius Chombo inalamula makhonsolo onse kukhululukira anthu ngongole zawo. Amene ankalipira mokhulupirika anadziona opusa, ndipo mpaka lero ena amangodikira chisankho china. Onjezanipo kusintha kwa ndalama, monga kubwera kwa ZiG mu Epulo 2024. Wolemba uthenga wakuti "lipirani kuti tikutumikireni" akulembera anthu amene amakumbukira zonsezi, komabe popanda ndalamazo khonsolo ilibe chogulira madzi ku Harare.

Uthenga umodzi wokha sutsutsidwa pano. Alangizi a zaumoyo akafika ndi chimkuzamawu ndi mankhwala othira m'madzi, mzere umakhala zii. Kolera ya 2008, yomwe inapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse, inayambira m'tauni yomwe ino, ndipo inabweranso mu 2023. Komanso alangiziwo amabwera ndi miyendo yawo, amayankha mafunso, ndipo amasiya kanthu m'manja.

Madzulo makombi akutula anthu, utsi wa chimanga chootcha wadzadza pamsewu. Bambo wina watsika ndi mphekesera yakuti nyumba zomangidwa m'madambo zigwetsedwa. Kwa anthu amene anaona boma likugwetsa nyumba pa nthawi ya Murambatsvina mu 2005, imeneyi si nkhani yodikira nayo kuti maofesi atsegule mawa. Foni ya khansala iyamba kulira nthawi yomweyo, ngakhale iyenso mwina akuimva koyamba.

Cha m'ma 8 wapampando wa komiti ya mjigo watumiza mawu ake pa WhatsApp: mjigo wayamba kulimba popopa, mmisiri abwera Loweruka, nyumba iliyonse isonkhe dola imodzi. Mphindi khumi zisanathe, anthu ayamba kufunsa kuti ndalamayo apereke kwa ndani.