Nsomba Yosapempha Cakudya

M'cipinda cathu cocezela muli thanki yagalasi ya malita 100. Tinaigula kuti ana aziyang'anako cina, osati foni cabe. Poyamba munali maguppy ndi matetra, tunsomba tokongola tosambila pamwamba ndi pakati pa madzi. Galasi itayamba kumela ndele, wogulitsa nsomba anatiuza kuti titengeko nsomba yoyeletsa. Tinabwelako ndi ziwili za mtundu wa whiptail catfish.

Ukaiona koyamba ungaganize kuti ndi kamtengo komila m'madzi. Ndi yowonda, yakhaki, yotalika masentimita pafupi-fupi 12. Ilibe mamba monga a nsomba zina, thupi lake linakutidwa ndi tumafupa tolimba. Kamwa ili kunsi, ndipo ndiyo imene imagwilila nayo pa mwala kapena pa galasi. Mcila umapita ukucepa mpaka kuthela ngati cikwapu, ndipo dzina lake linacokela pamenepo. Kwawo ndi ku South America, m'mitsinje ya mcenga mmene mumagwela masamba ndi nthambi. Akatswili amaziika m'banja la Loricariidae, ndipo zathuzi ndi za gulu la Rineloricaria.

Colakwa cathu cinayambila pa liwu lakuti catfish. Titalimva, maganizo athu anathamangila kwa mlamba. Mlamba tonse timaudziwa: dambo likaphwa umapilila m'matope, umafika pamsika ukali kupuma, ndipo sukana cakudya ciliconse. Conco tinati iyinso ndi mbale wake wa mlamba, idzadzionela yokha. Tinali kuwaza cakudya pamwamba pa madzi m'mawa ndi m'madzulo, n'kumaganiza kuti zotsala zikufika pansi.

Patapita miyezi iwili, imodzi inamatilila pa galasi yakutsogolo, mimba ili poonekela. Mwana wathu wamng'ono ndiye anafunsa kuti, “Amama, n'cifukwa ciani mimba yake yalowa mkati?” Titayang'anitsitsa tinaona kuti yatsala mafupa okha-okha. Tinayesa kuiponyela cakudya pafupi, koma sinadye. Patapita masiku atatu tinaipeza itafa kuseli kwa fyuluta. Panalibe nsomba imene inailuma, ndipo madzi anali oyela bwino. Inafa ndi njala m'thanki imene tinali kudyetsa kawili pa tsiku.

Madzulo amenewo tinakhala pansi n'kuonelela mmene cakudya cimathela. Tikangowaza, maguppy anali kuthamangila pamwamba, matetra n'kutola cimene cayamba kumila. Mineti isanathe, zonse zatha. Whiptail yotsalayo sinasunthe n'komwe. Nsomba imeneyi siikwela pamwamba kukalimbilana, siithamangitsa inzake, ndipo masana imakonda kungogona. Imayamba kuyenda kukacita mdima. Ufatsi umene umaipangitsa kukhala bwino ndi nsomba zina ndi umenenso unali kuipha. Tinadziwanso mocedwa kuti ndele ya pagalasi siikwanila. Rineloricaria imadya zomela pamodzi ndi tuzilombo tung'ono-tung'ono topezeka mumcenga.

Tinasintha zinthu zingapo. Tsopano timaidyetsa usiku, tikazima laiti ya thanki, pamene maguppy afooka. Timaponya timibulu ta cakudya tomila pa malo amodzi-modzi kuti izolowele. Kawili pa wiki timaipatsa tunyongolotsi tofiila ta mufiliji. Masiku ena timaviika kacidutswa ka nkhaka m'madzi owila, n'kukalasa ndi foloko kuti kamile, ndipo m'mawa timakacotsa kasanawole. Miyala yakuthwa imene inali pansi tinaicotsa n'kuikamo mcenga wosalala wotsuka bwino, cifukwa nsomba yodyela pansi imakwecesa kamwa ndi mimba tsiku lonse. Tinaikamonso cikuni ndi kapaipi ka pulasitiki kobisalamo.

Tinaphunzilanso kukana. Mnansi wathu anatibweletsela tumabrimu tuwili ta m'damu lake kuti tiwonjezele. Tinayamikila, koma sitinatuikemo. Brimu ikakula imakumba mcenga ndi kuteteza malo ake, ndipo nsomba yogona pansi yosadziwa kubwezela ndiyo ikanavutika.

Ciyeso cacikulu cinabwela mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anayamba kuzima kwa maola ambili. Malaiti akapita, fyuluta imaima, hita imazizila. Nsomba zimenezi zimafuna madzi ofunda madigili 24 mpaka 28, oyenda, okhala ndi mpweya wokwanila, pomwe usiku wa June ndi July kuno kumazizila kwambili. Tinali kufunditsa thanki bulangeti monga mwana, ndipo tinagula kapampu ka mpweya ka mabatile. Cakudya tinacepetsako kuti madzi asaipe, ndipo wiki iliyonse tinali kucotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi n'kuikamo atsopano ocotsedwa klolini. Panali usiku wina pamene mabatile anatha, ndipo tinasinthana kutunga madzi ndi jagi n'kuwathilanso kucokela pamwamba kuti mpweya ulowe. Tinafunsana ngati si misala kugona mocedwa cifukwa ca nsomba yosadyedwa. Koma tinali titapha kale imodzi posaiganizila, ndipo palibe amene anafuna kukauza ana za yaciwili.

Inapulumuka. Pambuyo pake tinaigulila zinzake ziwili, ndipo m'pamene tinazindikila kuti yakaleyo ndi yaimuna, cifukwa inamela tundevu tolimba m'masaya. Tsiku lina sinatuluke m'kapaipi kaja olo titaponya cakudya. Mitima inatigunda, tikumbukila yoyamba ija. Titaunika ndi toci tinaona mazila atamatilila mkati, iyo itagona pamwamba pake, ikuwakupiza ndi zipsepse. Mu mtundu umenewu yaikazi imaikila n'kucoka, yaimuna ndiyo imalonda. Inakhala mmenemo pafupi-fupi wiki yathunthu. Tuana tambili tunadyedwa ndi matetra cifukwa tinacedwa kutupatula, koma tunayi tunakula, ndipo tuwili tinapatsa mnansi uja atakonza thanki yake.

Alendo akabwela amayamikila maguppy, ndipo ambili amacoka osadziwa kuti pansi pali nsomba zina. Sitiwaimba mlandu, ifenso tinali telo. Koma kwathu tsopano pali lamulo. Laiti ikazima, wina amatenga toci n'kuwelenga za pansi imodzi-imodzi, ndipo imene yamatilila pa galasi amaiyang'ana pamimba. Nchito imeneyi anaitenga mwana wamng'ono uja, ndipo sagona asanatiuze kuti zonse zakhuta.