Lichero la pamsika wa Entre Lagos

Mayi wina wa m'boma la Mecanhelas, yemwe wakhala zaka 7 akugwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg, adabwera kumudzi kudzaona abale. Tsiku lobwerera litayandikira, adakumbukira kuti mwana wake wamkazi, wobadwira konko, adamupempha kuti akamutengere kanthu ka kwawo kwa amake. Choncho adalawirira kumsika wa pa Entre Lagos.

Msikawu uli pakati pa nyanja ziwiri, Chiuta kumpoto ndi Chilwa kumwera, ndipo dzinalo m'Chipwitikizi likunena zomwezo. Kutsidya kwa malire ndi pa Nayuchi, ndipo chifikireni njanji mu 1970 anthu a mbali zonse ziwiri akhala akusinthana malonda pamenepa. Mayiyo adazungulira mizere yonse. Adaona matemba, milamba yowamba, mpunga, kaunjika, ndowa ndi mabeseni apulasitiki. Adagula beseni limodzi osanenerera n'komwe. Koma choti n'kupatsa mwana n'kumuuza kuti ichi n'chakwanu sadachione.

Kumapeto kwenikweni, kufupi ndi njanji, adapeza gogo wina wamwamuna atakhala pansi, patsogolo pake pali malichero, madengu awiri, mikeka ndi mphasa zokulunga. Mayiyo adatola lichero, nalitembenuza, nafunsa mtengo. Atamva, adaseka.

"Iii agogo, kansungwi komweka? Tsitsani, ndikupatsani theka."

Gogoyo sadakwiye. Adangoti, "Mwanangu, beseni mwanyamulalo munatsitsitsa?"

Mayiyo adasowa choyankha. Pamenepo mkuluyo adayamba kufotokoza. Nsungwi amakadula kutali, chifukwa zapafupi zidatha. Akabwera nazo amazing'amba, kuzipala ndi mpeni mpaka zisalale, kuziyanika, kenako n'kuyamba kuluka. Pomaliza amapinda mkombero n'kuusokerera molimba kuti lichero lisaphwasuke mayi akamapeta. Mkeka nawo ndi mlaza wong'amba ndi kuluka nkhata zazitali, mphasa ndi bango losoka limodzilimodzi. Zonsezi mtengo wake sufika ngakhale pa nsapato imodzi ya pakaunjika.

Adanenanso kuti nthawi ya nkhondo adathawira kutsidya, m'boma la Machinga, ali ndi mkazi, ana ndi mpeni basi. Mpeni umenewo ndiwo udalera anawo, pakuti malichero ankasinthitsa ndi chimanga ndi ndiwo. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, adabwerera kwawo. Mu 1995 nyanja ya Chilwa idaphwa, asodzi adapachika maukonde, koma iye adali ndi podalira. Chomudandaulitsa lero n'chakuti mwa adzukulu ake onse palibe ndi mmodzi yemwe wofuna kukhala pansi n'kuphunzira. Amati ntchito yake n'njowawa, ndalama zake n'zochepa, bola kabaza.

Mayiyo adayang'anitsitsanso lichero lija ndipo adakumbukira malemu amake akupeta mpunga pakhonde, mankhusu akuuluka. Adakumbukiranso kuti ku Johannesburg adaonapo madengu onga omwewa m'sitolo za alendo, atawaika pagalasi, pamtengo woti iye sakadaukwanitsa.

Kumaiko ena luso lotere ndi chuma. Ku India kuli tauni yotchedwa Pushkar, m'chigawo cha Rajasthan, m'mphepete mwa chipululu. Chaka chilichonse cha mu October kapena November kumachitika msika waukulu wa ngamira, ndipo alendo ochokera kutali amagulako nsalu zopeta, zibangili, zikwama zachikopa ndi zina zopanga pamanja. Pa Entre Lagos alendo otere kulibe. Sitima zazitali za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa kupita kugombe la Nacala, koma malasha sagula mkeka. Wogula lichero la gogoyu ndi mayi wa m'mudzi, ndi mwana wa kumudzi wobwera kuulendo. Iwowa akalinyoza, lidzayamikidwa ndi yani? Paja akuluakulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Kunenerera si mlandu, ndiwo mwambo wa pamsika. Koma n'zodabwitsa kuti munthu amalipira mwakachetechete chinthu chopangidwa ndi makina kutali, n'kudzalimbana ndi nkhalamba yomwe zala zake zili zipsera zokhazokha. Mtengo ukamatsika chonchi, achinyamata salakwa kuthawa. Ndipo tsiku lomwe gogo wotsiriza adzaike mpeni pansi, amayi adzapetera m'chiyani? Beseni silipeta.

Mayi uja adapereka ndalama zonse monga adanenera gogoyo, nawonjeza mkeka umodzi. Mkuluyo adalandira ndi manja awiri, naumanga bwino ndi luzi.

"Mukamuuze mwanayo," adatero, "kuti lichero si lopachika pakhoma ayi. Mukamuphunzitse kupeta."

Mayiyo adalonjeza, nasenza katundu wake kulowera kumalire.