Kachilombo ka M'mwala wa Azakhali

Mu Disembala 2019 azakhali anga, omwe amagwira ntchito ya unamwino ku Britain, adabwera kudzationa. Amayi adalandira nsalu, achimwene nsapato, ndipo ine adandipatsa kamwala kachikasu kokula ngati nzama. Ndisaname, ndidakhumudwa chifukwa mtima udali pa foni. "Mwanangu, takayang'ana padzuwa," adatero. Nditakakweza m'mwamba ndidaona kachilombo kali mkati, miyendo ili tambalale ngati kangogwamo dzulo.

Adandiuza kuti adakagula mumzinda wa Gdańsk ku Poland, ndipo dzina lake ndi amber. Si mwala weniweni ayi. Ndi utomoni womwe udakha m'mitengo yamtundu wa paini, nkukwiririka, nkuuma. Wa kunyanja ya Baltic udapangika zaka pakati pa 34 ndi 48 miliyoni zapitazo. Tizilombo tinkakodwamo monga momwe mbalame imakodwera pa ulimbo.

Kwa zaka ziwiri ndinkauza aliyense kuti ndili ndi udzudzu womwe udaluma dinosaur. Nzeru imeneyi ndidaitola mu filimu ya Jurassic Park ya mu 1993. Ndidadzazindikira ndili kale kuno kukoleji kuti masamu ake sankatheka: zinyamazo zidatha zaka 66 miliyoni zapitazo, mitengo ya utomoni wangawu isanamere nkomwe. Ngakhale amber wa ku Dominican Republic, yemwe filimuyo imatchula, ali ndi zaka zosapitirira 20 miliyoni.

Manyazi enieni adandigwira tsiku lomwe bambo wina wosamalira labotale ya Biology adandilola kugwiritsa ntchito maikulosikopu. Adathira dontho la glycerine pamwamba pa kamwalako kuti mikwingwirima isatchinge maso, kenaka nkundiuza kuti ndisathamangire dzina, ndiyambe ndawerenga. Miyendo idali isanu ndi umodzi, choncho sakadakhala kangaude, amene amakhala ndi isanu ndi itatu. Mapiko adali awiri okha, ndipo kumbuyo kwake kudali tinthu tiwiri tonga tizibonga. Chimenecho ndi chizindikiro cha banja la ntchentche ndi udzudzu. Mpaka apo ndinkamwetulira. "Tsono ndionetse mlomo wobayira uja," adatero bamboyo. Ndidatembenuza kamwalako uku ndi uku, mlomo osaoneka. Tinyanga take tidali ndi ubweya wambiri ngati nthenga, mapiko opanda mamba. Kadali kamphongo ka m'gulu la Chironomidae, tizilombo tosaluma tomwe tili pachibale ndi nkhungu zimene zimafuka ngati utsi pamwamba pa nyanja yathu. Udzudzu weniweni ndi wosowa kwambiri mu amber, pomwe tomweti tili mbwee.

Chomwe chidanditonthoza chidali chinthu china chomwe ndinkachiyesa litsiro: tiubweya tating'ono tonga nyenyezi tomwe tidamwazikana pafupi ndi kachilomboko. Timeneti akuti tidachokera ku maluwa a mitengo ya oak, ndipo timapezeka kawirikawiri mu amber wa ku Baltic. Mbali imodzi ya thupi lake idakutidwanso ndi zoyera ngati mkaka, zomwenso nzachizolowezi kumeneko. Azakhali sadapusitsidwe.

Apa mpomwe chilakolako chidandilowa. Ndinkafuna kangaude. Achimwene anga amapita ku Dar es Salaam kukaoda katundu, ndipo mu 2023 adati awolokera ku Zanzibar. Ndidadula ndalama ya chakudya ya mwezi wathunthu nkuwapatsira. Mwezi umenewo ndidaudziwa bwino mtengo wa soya pisi.

Adabwera ndi zidutswa ziwiri, nkhope ili ngwee. Choyamba chidali chowala ngati uchi wa chaka chino, muli ngumbi zinayi ndi nyerere. Chachiwiri chidali chachikulu ngati dzira la nkhuku, pakati pake penipeni pali kangaude wonenepa, miyendo yonse itayalidwa bwinobwino. "Mng'ono wanga, uyu ndachita kulimbirana ndi mzungu," adatero.

Ndidawathokoza, koma mtima udakana. Chamoyo chikakodwa mu utomoni chimaphupha, miyendo imapindika kapena kuthothoka, ndipo pambali pamakhala zinyalala ndi timathovu. Kangaude uyu adali yekha, waukhondo, ngati akujambulitsa chithunzi. Usiku ndidasungunula mchere m'kapu ya madzi mpaka udaleka kusungunuka. Ka azakhali kadayandama, cha ngumbi chidayandamanso, koma cha kangaude chidamira mpaka pansi. Nditachikhudza ndi singano yamoto chidanunkha ngati jumbo yopsa. Chidali pulasitiki.

Cha ngumbi chija chidandivuta mwa mtundu wina. Nditadonthezapo mankhwala ofufutira utoto wa m'zikhadabo, malowo adayamba kunanda. Amber weniweni sachita zotero. Uwu udali copal, womwe Aswahili amati sandarusi, utomoni wa mtengo wa Hymenaea verrucosa womwe m'zaka za m'ma 1800 unkatumizidwa kunja kudzera ku Zanzibar kukapangira vanishi. Wambiri uli ndi zaka mazana kapena zikwi zochepa chabe. Kwa ine umenewu si wabodza; ndi utomoni weniweni ndi ngumbi zenizeni, kungoti ukadali khanda. Bodza limalowa pamene wogulitsa autcha amber nkukweza mtengo.

Ndidamva kupepukidwa pang'ono nditawerenga za ntchentche ina ya ku Natural History Museum ku London. Akatswiri ankaitenga ngati umboni woti mtundu wake sudasinthe kwa zaka mamiliyoni, mpaka mu 1993 pamene Andrew Ross adaona mng'alu pansi pa maikulosikopu. Munthu wina adachita kudula amber weniweni pakati, kugoba, kuikamo ntchentche ya masiku ano yokonda m'zimbudzi, nkumatanso.

Zidutswa zitatu zonsezi ndimazisunga m'kabotolo ka mankhwala, kutali ndi dzuwa, chilichonse ndi kapepala kake. Pa ka azakhali ndidalemba banja la kachilomboko ndi dziko lomwe kadachokera. Kupitirira apo, mpaka kutchula mtundu wake weniweni, ndi ntchito ya akatswiri. Pa cha kangaude sindidalembepo kanthu. Achimwene akabwera ndi anzawo amandiuza kuti ndichitulutse, ndipo amafotokoza okha za mzungu uja ndi zaka mamiliyoni. Ine ndimangowagwirira tochi.